Manambala a pa Google Scholar aja amatanthauza chani pa katswiri wa chemistry?

Sabata yatha tinakhala pansi pa mtengo wa nimu pa Ngabu kudikira kuti dzuwa lipepeko, nde amalume anga anatulutsa foni nkundionetsa chithunzi chomwe mwana wawo wawatumizira kuchokera kumtunda. Mwanayo ndi msuweni wanga, amaphunzitsa chemistry ku yunivesite. Chinali chithunzi cha tsamba lake la pa Google Scholar, malo a pa intaneti osonkhanitsa zolemba za ofufuza, ndipo panali nkhope yake, dzina, mndandanda wa mitu yachingerezi itali itali, nde cha kumbali kabokosi ka mawu atatu ndi manambala ake, citations, h-index ndi i10-index. Amalume funso lawo linali limodzi basi. "Mphwanga, tandiuza, apa akuti msuweni wakoyu wakhoza kapena bwanji? Ali nambala chani?"

Ndinayesa kuwayankha pompo koma nkhaniyi siyotha ndi mawu awiri, nde ndati ndiilembe bwinobwino, chifukwa ana athu akuchigwa kuno ayamba kuchuluka mmayunivesite ndipo zithunzi ngati izizi tizizilandira pafupipafupi. Ena tidzasangalala pomwe sipoyenera, ena tidzanyoza munthu yemwe wagwira ntchito yaikulu, kungoti nambala yake yaoneka yochepa.

Tiyambe ndi pepala. Munthu wa sayansi akamati ndili ndi mapepala 20 sakunena ma satifiketi ayi. Pepala ndi lipoti la kafukufuku lomwe lasindikizidwa mu journal, yomwe ili ngati magazini ya akatswiri okhaokha. Tinene kuti msuweni wangayu watunga madzi mmijigo 50 kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Bangula, wakawayeza mu labu kuti muli sodium wochuluka bwanji, chloride, sulphate, fluoride, kenako walemba momwe anatungira, makina omwe anayezera, zomwe wapeza ndi zomwe akuganiza kuti zikutanthauza. Akatumiza ku journal, mkonzi amapereka lipotilo kwa akatswiri ena awiri kapena atatu omwe nthawi zambiri wolembayo samauzidwa kuti ndi ndani, nde iwowo amalisanthula mopanda chisoni, apa sunafotokoze bwino, apa bwerezanso kuyeza, apa masamu ako sakugwirizana. Ndi zomwe amati peer review. Zimatenga miyezi, pena chaka chathunthu, ndipo kukanidwa nkosadabwitsa olo kwa mapulofesa akuluakulu. Ndiye pepala limodzi lokha mukaliona pa mndandanda paja, kumbuyo kwake kumakhala maulendo a pa njinga yamoto mmatope, mabotolo mu cooler box, usiku wosagona, ndi makalata obwezedwa kangapo.

Citation nde ndi kutchulidwa. Wofufuza wina, kaya ali ku Mozambique kaya ku India, akamalemba pepala lake nkunena kuti zakuti zakuti anazipeza kale uje mchaka chakuti, nkuika pepala la ujeyo pa mndandanda wa kumapeto, imeneyo ndi citation imodzi. Kompyuta imangowerenga kuti pepalali latchulidwa kangati. Maganizo owerenga zimenezi anawalimbikitsa ndi Eugene Garfield wa ku America, analemba za izi mu 1955 ndipo mu 1964 bungwe lake linatulutsa Science Citation Index, yomwe lero inasanduka Web of Science ya kampani ya Clarivate. Cholinga chake poyamba chinali chothandiza munthu kutsata mapazi a nkhani, kuti uyu ananena chani, anamuyankha ndani, anapitiriza ndani. Zoika anthu pa mzere ngati ana a sukulu pa tsiku lotsekera zinadzakula pambuyo.

Pano pa h-index mpomwe amalume anakakamira, nde ndichedwepo. Anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa physics ku University of California ku San Diego, mu 2005. Vuto lomwe ankafuna kuthetsa ndi ili. Ukangowerenga mapepala okha, munthu atha kulemba timapepala tambirimbiri topanda owerenga nkuoneka ngati dolo. Ukangowerenga ma citation okha, munthu atha kukhala ndi pepala limodzi lamwayi lomwe linatchuka, ena onse ziii. Nde Hirsch anati tiphatikize ziwirizi mu nambala imodzi. Amalume ndinawafotokozera ndi mbuzi, poti khola lawo ndi la mbuzi. Ndinati amalume, ngati muli ndi mbuzi zitatu zomwe iliyonse yakuberekerani ana atatu kapena kuposa, h yanu ndi 3. Kuti ifike 4 pakufunika mbuzi zinayi zomwe iliyonse yabereka ana anayi kapena kuposa. Olo mutakhala ndi mbuzi imodzi yomwe yabereka ana 30 pomwe zinazo sizinaberekepo, h yanu ndi 1 basi. Anaseka nkunena kuti apo nde ndamva.

Mbuzi ndi mapepala, ana ndi ma citation. Tiyerekeze munthu ali ndi mapepala khumi, ndipo tikawandandalika kuyambira lotchulidwa kwambiri ma citation ake ndi 40, 22, 15, 9, 6, 5, 3, 1, 0, 0. Pepala lachisanu lili ndi 6, nde mapepala asanu oyambirira onse afika 5 kapena kuposa. Lachisanu ndi chimodzi lili ndi 5 yokha, silinafike 6. Ndiye h-index yake ndi 5. Muone kuti pepala la 40 lija olo litakwera kufika 400, h siisuntha. I10-index nde ndi yophweka, inabwera ndi Google, imangowerenga mapepala omwe afika ma citation 10, pachitsanzo chathuchi ndi 3.

Kukwera kwa h kuli ngati kukwera chitunda cha Thabwa ndi katundu pa njinga, pansi mumapalasa bwinobwino koma mukamakwera mpomwe zimalimba. Kuchoka pa 2 kufika pa 3 sizivuta kwenikweni, koma kuchoka pa 20 kufika pa 21 pakufunika mapepala 21 omwe lililonse lafika 21. Komanso nambalayi siitsika, munthu atha kupuma pantchito olo kumwalira iyo nkumakwerabe, nde kuyerekeza mnyamata yemwe wamaliza PhD zaka zitatu zapitazo ndi pulofesa wazaka 30 mu labu ndi kulakwira mnyamatayo. Pepala likatuluka lero, kuti wina aliwerenge, achite kafukufuku wake, alembe, adikire peer review yake, nkudzalitchula, padutsa zaka ziwiri zitatu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

China chomwe chimasokoneza anthu nchoti munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi manambala osiyana malingana ndi komwe mwayang'ana. Google Scholar, yomwe inayamba mu 2004, imatola chilichonse chomwe chaoneka ngati cholembedwa ndi ophunzira pa intaneti, ma thesis a ana asukulu, malipoti a mabungwe, zokambidwa mmisonkhano, nde manambala ake amakhala okwera. Scopus ya kampani ya Elsevier, yomwenso inayamba mu 2004, ndi Web of Science zimawerenga ma journal okhawo omwe zinawasankha, nde manambala amatsika. Tsamba la pa Google Scholar munthu amatsegula yekha ndipo kompyuta imatha kumuthirira mapepala a munthu wina wa dzina lofanana, nde taganizani kuno kwathu a Banda ndi a Phiri mmene achulukira. Nchifukwa chake mu 2012 kunabwera ORCID, nambala ya ma digit 16 yomwe wofufuza aliyense amakhala nayo yakeyake ngati chitupa, kuti olo mayi atasintha dzina pokwatiwa mapepala ake asamwazike.

Za ma ranking zija, zoti uje ndi nambala 3 pa akatswiri a chemistry mMalawi, zimachokera mmanambala omwewa. AD Scientific Index imatenga za pa Google Scholar, kutanthauza kuti katswiri yemwe sanatsegule tsamba lake pamenepo sapezekapo nkomwe olo akhale chiphona chotani. Palinso mndandanda wina womwe anthu amati wa Stanford, wa asayansi 2 pa 100 aliwonse otchulidwa kwambiri padziko, womwe John Ioannidis ndi anzake anayamba kutulutsa mu 2019 pogwiritsa ntchito Scopus. Umenewu umayesako kusiyanitsa magawo a sayansi komanso kuonetsa manambala atachotsapo kudzitchula wekha. Koma onsewo akuwerenga chinthu chimodzi, kuti anzako olemba mapepala akutchula kangati. Palibe amene akuwerenga kuti mudzi wapindula bwanji.

Apa nde mpomwe mtima wanga uli. Mu chemistry momwemo muli misika yosiyana kukula. Munthu yemwe akufufuza za mabatire a lithium kapena ma solar cell ali mu msika waukulu, ma labu zikwizikwi ku China, ku America, ku Ulaya akulemba za zomwezo tsiku ndi tsiku, nde pepala lake olo likhale lapakatikati limapeza olitchula. Nanga munthu yemwe moyo wake wonse akufufuza chifukwa chomwe mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi a mchere oti sungamwe, sopo osachita thovu, nyemba osapsa bwino, angamutchule ndi angati? Anthu olemba za madzi a pansi pa nthaka mchigwa chino ndi owerengeka ndi zala. Koma kwa mayi yemwe amadutsa mjigo wa pakhomo pake nkukatunga ku Shire komwe kuli ng'ona chifukwa madzi a pamjigo ndi owawa, kafukufuku ameneyo ndi wamtengo kuposa batire iliyonse.

Ndipo kafukufuku ameneyu alipo ndithu. Mu 2011 akatswiri a chemistry a ku Chancellor College limodzi ndi anzawo a ku University of Oslo ku Norway anasindikiza mu journal ya Applied Geochemistry zomwe anapeza pa madzi a mchere a mchigwa chathu chino. Chigwachi ndi mbali ya rift valley, chigwa chachikulu chomwe chinapangika nthaka itang'ambika kalekale, pansi pake pali miyala yakalekale ndi ming'alu, madzi akamadutsamo amasungunula mchere, nde pamwamba kutentha kwathu kuja kumaumitsa madzi nkusiya mcherewo mu dothi. Agogo athu aakazi ankadziwa kale izi mwa njira yawo, ankapala dothi loyera lija nkulisungunula nkuphika mchere. Chomwe chemistry imaonjezera ndi kunena kuti mcherewo ndi wa mtundu wanji, wachokera kuti, ndipo mjigo ukumbidwe mbali iti kuti ndalama zisapite pachabe. Chimodzimodzi fluoride, yemwe akachuluka mmadzi amasiya mano a ana ali a bulauni, ndipo akapitirira amafika mpaka mmafupa. Bungwe la WHO linaika malire a 1.5 milligram pa lita imodzi, ndipo mmadera ena a kuno mijigo ina inapezeka kuti imapitirira pamenepo. Munthu woyeza zimenezi nkuuza a ku khonsolo kuti mjigo uwu ana asamamwe, h-index yake siikwera ndi kamodzi komwe chifukwa cha ntchito imeneyo.

Kutchulidwa kwambiri sikutanthauzanso kuti unapeza chinthu chachikulu kuposa onse. Pepala lomwe magazini ya Nature inapeza mu 2014 kuti ndi lotchulidwa kwambiri mu mbiri ya sayansi ndi la Oliver Lowry ndi anzake la 1951, linali litadutsa ma citation 300,000, ndipo nkhani yake ndi njira yoyezera kuchuluka kwa protein. Ndi njira yothandiza zedi, aliyense woigwiritsa ntchito amayenera kuitchula, monga aliyense wogula thonje amadalira sikelo. Mapepala ophunzitsa njira ndi mapepala omwe amangosonkhanitsa zomwe ena anapeza, omwe amati ma review, amatchulidwa kwambiri kuposa a kafukufuku watsopano. Ndipo pali kutchulidwa kwina kokutsutsa. Mu 1989 akatswiri awiri a chemistry, Martin Fleischmann ndi Stanley Pons, analengeza ku Utah kuti apeza njira yotulutsira mphamvu ya nyukiliya mu botolo la mu labu popanda kutentha koopsa, zomwe zinatchedwa cold fusion. Ma labu ambiri anayesa kubwereza koma sizinatheke. Pepala lawo linatchulidwa kambirimbiri, ena mwa olitchulawo akunena kuti izi sizoona, koma kompyuta siisiyanitsa kuyamikira ndi kutsutsa, yonse imawerenga imodzi imodzi.

Mukatsegula pepala lenilenilo muyang'anenso mndandanda wa mayina. Mu chemistry nthawi zambiri dzina loyamba ndi la yemwe anagwira ntchito yambiri ndi manja, kawirikawiri wophunzira wa masters kapena PhD, ndipo lomaliza kapena lomwe lili ndi kanyenyezi ndi la mkulu woyang'anira yemwe anapeza ndalama za kafukufukuyo. Apakati anathandizapo mbali zina. Mutu umodzi susenza denga, nde mayina ambiri sicholakwika, koma h-index imapereka citation yathunthu kwa aliyense, kaya ndi woyamba kaya ndi wa nambala 25. Ine ndikaona mwana wa kuno ali dzina loyamba pa mapepala atatu okha ndimamulemekeza kuposa yemwe ali pakati pa mapepala 30. Ndipo pali chizolowezi china chomwe chimandiwawa, choti anthu akunja amabwera ndi ndalama zawo, wakuno nde amene amadziwa njira, amalankhula ndi amfumu, amatunga madzi pa dzuwa la Okutobala, kenako mabotolo amakwera ndege, pepala likatuluka iye ali pakati penapake kapena angomuthokoza kumapeto. Sionse amatero, alipo omwe amagwira ntchito mwachilungamo mpaka kuphunzitsa ana athu ma PhD, koma zimachitika.

Komanso mpikisanowu sitiyambira pamzere umodzi. Chemistry imadya ndalama. Makina oyezera zitsulo zochepetsetsa mmadzi ngati ICP-MS ndi odula koopsa, akaonongeka wokonza achokere kunja, ma chemical oyezera ndi oitanitsa ndi forex yomwe ikusowayi. Magetsi nawo, mukukumbuka namondwe Ana mu Januwale 2022 ataononga Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko linataya pafupifupi 130 megawatts ndipo kuzimazima kunatenga nthawi yaitali, nde ganizirani munthu yemwe ma sample ake amafunika kukhala mu fuliji. Pamwamba pa izo ali ndi kalasi ya ana mazana oti awaphunzitse ndi kuwachongera. Kusindikiza nako, ma journal ambiri omwe aliyense amawerenga ulere amalipiritsa wolembayo, mu 2021 Nature inkalipiritsa 9,500 euro kuti pepala limodzi liziwerengedwa ulere. Bola ma journal ena amachotsera kapena kukhululukira olemba a mmaiko osauka, ndipo pulogalamu ya Research4Life imathandiza mayunivesite athu kuwerenga ma journal odula. Koma ma journal athu ambiri a mu Africa muno, omwe mumawapeza pa African Journals Online yomwe inayamba mu 1998, sali mu Scopus kapena Web of Science, nde munthu akasindikiza kufupi ndi kwawo komwe anzake a mu unduna angawerenge, ku manambala aja zimakhala ngati sanalembe.

Poti kukwezedwa pantchito ndi kupeza thandizo la ndalama zimayang'ana manambala omwewa, ena anayamba chinyengo. Alipo odzitchula okha mopitirira muyeso, alipo magulu omwe amapangana kuti iwe unditchule ine ndikutchula. Kudzitchula pang'ono nkoyenera ngati ukupitiriza ntchito yako yakale, vuto ndi pomwe theka la ma citation ako ndi iwe mwini. Alipo ma journal achinyengo omwe amangofuna ndalama, umatumiza Lolemba Lachisanu alandira kale popanda wowerenga, dzina lake lokongola la International chakuti, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Jeffrey Beall wa ku Colorado ndi amene anawatcha predatory ndipo ankasunga mndandanda wawo mpaka 2017. Mu 2023 mokha mapepala opitirira 10,000 anachotsedwa atasindikizidwa kale, ndipo chaka chomwecho Clarivate inachotsa gawo lonse la masamu pa mndandanda wake wa otchulidwa kwambiri chifukwa cha kuseweretsa ma citation. Asayansi eni ake anadandaula kale, mu 2012 ku San Francisco anagwirizana chikalata chotchedwa DORA chonena kuti munthu aziyezedwa ndi zomwe zili mkati mwa ntchito yake, osati ndi impact factor ya journal yomwe wasindikizamo. Impact factor imeneyi ndi avereji chabe ya ma citation a mapepala a zaka ziwiri zapitazo mu journal yonse, siinena kanthu za pepala limodzi.

Sindikunena kuti manambalawa ndi opanda ntchito ayi. Munthu wa kuno yemwe mapepala ake akutchulidwa ndi anthu a ku Brazil ndi ku Japan omwe sanamuonepo, ndiye kuti ntchito yake ndi yodalirika ndipo tiyenera kunyadira. Kungoti muziyerekeza ofanana, wa chemistry ya madzi ndi mnzake wa chemistry ya madzi, omwe anayamba nthawi imodzi, pa database imodzi, kaya Google Scholar kaya Scopus. Kenako tsikani pansi muwerenge mitu ya mapepalawo.

Ndi zomwe tinachita ndi amalume tsiku lija. Tinakulitsa chithunzi chija nkuyamba kuwerenga mutu umodzi umodzi ine ndikumasulira, ndipo titafika pa pepala lina lonena za madzi a mmijigo anandigwira mkono nkuti ima kaye. Anandikumbutsa za anthu ena omwe anabwera ndi galimoto zaka zapitazo pa mjigo wa mmudzi mwathu, anatunga madzi mmabotolo, kulemba manambala pa chivindikiro, kujambula zithunzi, nkulonjeza kuti abwera kudzatiuza zomwe apeza. Mpaka lero sanabwere, ndipo ana a mmudzimo akumwabe madzi omwewo. Mwina zotsatira zake zili mu pepala lina lachingerezi lomwe likutchulidwa bwinobwino kwinakwake.

Amalume anaimba foni pompo. Sanafunsenso za nambala ija. Anati mwanawe, ukamabwera pa Khirisimasi utenge kamakina kako koyezera mchere kaja ndi mabotolo, udzayeze mjigo wa kwa agogo ako ndi wa kusukulu, ndipo zomwe upeze udzazinene pa bwalo la amfumu mchilankhulo choti aliyense amve. Msuweni wanga anati kamakina ka mchere nkonyamulika ndipo kamayankha pompo, koma za fluoride adzatenga madziwo kukayeza ku labu, zotsatira adzabwera nazo yekha pa holide ya Isitala.